Dzina la m'chitini

Pepalalo linali m'chitini cha tiyi
pamwamba pa mtanda wa denga,
m'sitolo yakale ija kuseri kwa msika wa Dedza,
tsiku lomwe tinkasasula malata
kuti mwini watsopano amangepo resitihausi.
Njenjete zinadya chaka, zinadyanso dzina la sitima.
Zinasiya liwu limodzi, inki yake itasanduka dzimbiri:
Lascar.

Ife timati Lasikala.
Ndi lomwe aphunzitsi ankaitana m'mawa pa rejisitala
ine n'kuyankha mano akugogoda ndi chisanu cha Juni.
Ndinkayesa ndi dzina ngati Mbewe, ngati Maseko,
kuti kwinakwake kuli phiri lathu ndi manda athu.

Ndaziona, mwana wa mlongo wanga,
anafufuza pa foni yake yong'aluka galasi.
Malume, anatero, limeneli si dzina.
Akuti linabadwira ku Perisiya, lashkar,
gulu lankhondo, msasa wonse ndi mahema ake.
Apwitikizi analitola m'madoko a ku India
nalipinda ndi lilime lawo,
Angerezi nalimata pa mmwenye aliyense
wokoka zingwe, wothira malasha m'ng'anjo ya sitima
pa malipiro oti mzungu sangadzukire.
Akutinso asikari, aja a yunifomu, ndi abale ake a liwuli.

Ndinakhala pansi pa mulu wa njerwa.

Tsono khamu lonselo, mahatchi, ng'oma,
linafota m'njira mpaka kutsala munthu mmodzi
woonda, wachifuwa chosatha,
amene anatsika ku Beira osabwereranso,
nayenda chakumtunda, nyanja ili kumsana,
kufikira pomwe mphepo inaleka kununkha mchere.

Amwenye a masitolo sanamukhazike patebulo pawo.
Anamupatsa nyali ndi chikhoti, akhale mlonda.
A kumudzi ankati mmwenye wa Nachisale,
mmwenye wopanda sikelo.
Iye mwini ankati ndine Huseni,
koma kalaliki wa msonkho anakopera za papepala.

Mayi anga anamuona ali wamng'ono.
Amati ankayenda chotangadza
ngati nthaka ya Dedza ikhoza kupendekeka nthawi iliyonse.
Nkhungu ikatsika m'phiri n'kumeza mitengo ya paini
ankatuluka ndi khasu lakutha ndi msomali,
ngwe, kenako chete, ngwe,
kuchenjeza sitima zomwe kunalibe.
Ana ankamuseka. Nachisale ankangomufunditsa bulangete.

Sanasiye munda. Sanasiye chithunzi.
Chilankhulo chake chinapita naye m'nsalu yoyera,
kumalire kwa manda, pafupi ndi mpanda.

Koma pali mfundo ina imene ndimamanga
pokweza matumba a kachewere pa njinga:
chingwe chimazungulira, chilowe m'dzenje, chibwerere.
Sichimasuka pa mabampu a ku Bembeke,
koma ukachikoka ndi chala chimodzi chimagonja.
Anyamata a pa rodibuloko amandifunsa ndinaiphunzira kuti.
Kwa amalume, ndimatero,
amene anaiphunzira kwa bambo awo,
amene sanafunse.

Ndaziona akuti tisinthe.
Akuti bwanji tiziyenda ndi chizindikiro cha pa katundu,
liwu lomwe bwana ankakuwa posafuna kuloweza mayina?
Tilembetse Huseni pa chitupa.
Mwina akunena zoona.
Ine ndalivala zaka makumi asanu ndi zitatu,
lafewa m'makwinya ngati nsapato,
ndipo ku Dedza kuno ukati Lasikala
palibe amaona sitima.
Amaona ine, ndi ngongole yanga ya feteleza.

Pepala ndalibwezera m'chitini.
Usiku uno nkhungu yatsikanso,
magalimoto a ku Lilongwe akukwawa ndi nyali zachikasu.
Ndaima pakhonde, miyendo yotangadza,
sindikudziwa kuti ndinayamba liti kuima chonchi.